Kadziwe pakhomo ku Salima: kodi si kuweta udzudzu?

FUNSO: Ine ndi bambo a kunyumba tangomaliza kumanga cha ku Kamuzu Road ku Salima. Kumaso kwa nyumba kwatsala bwalo la mamita 8 mulifupi ndi 10 mulitali, mchenga wokhawokha ndi mtengo umodzi wa mango. Mtima wanga uli pa kadziwe pakati, maluwa mozungulira, tizikhalapo madzulo. Koma apongozi akuti ndikufuna kuweta udzudzu. Tili ndi zidzukulu ziwiri zazing'ono. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Salima

YANKHO: Mayi, apongozi anuwo musawatsutse, anena zoona. Ndi kutentha kwa ku Salima, dzira la udzudzu limatenga sabata imodzi kapena masiku 10 kuti likhale udzudzu wouluka, ndipo wofalitsa malungo umakonda madzi odikha, osaya, owombedwa dzuwa. Kadziwe kangakhalepo ndithu, koma muyambe mwaganizira udzudzuwo ndi zidzukulu, maluwa pambuyo.

Kumbani mamita 3 mulitali, 2 mulifupi, kuya masentimita 60, m'mbali mwake mukhale mochita chiphompho, osati motsetsereka pang'onopang'ono. M'mphepete mosaya ndi momwe mphutsi za udzudzu zimabisala poti nsomba sizifikamo. Dziwe lotere limalowa malita 3,600, ndiye kuti migolo 18 ya malita 200. Muwerengeretu zimenezi, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limamwa madzi moonekeratu, muzithiramo ena sabata ndi sabata.

Nsomba ndiye alonda anu. Ine kwathu ndinaika makumba ochepa, ndipo ndimakonda kuima m'mawa kuona momwe amatolera tizilombo pamwamba pa madzi, kamwa kali pwa pwa. Makumba kapena chilunguni amapirira madzi ofunda, ndipo ana a nsombazi mungawapeze kwa alimi a maiwe. Alangizi a za nsomba pa boma akulozerani. Musachulutse, 10 akwana, amaswana okha. Ngati madzi ndi a pa mpopi wa Central Region Water Board, asiyeni masiku awiri kapena atatu kuti mankhwala a klorini achoke musanaikemo nsomba. Simenti yatsopano nayo imapha nsomba: dzazani, madzi agonemo sabata, tayani, mubwereze kawiri kapena katatu. Kapampu kakang'ono ka sola kokweza madzi kuti azigwera pa miyala kamathandiza kwambiri, poti udzudzu sukonda kuikira pamadzi ogwedezeka, komanso kaphokoso kake nkokoma nthawi yotentha.

Pansi pa mango musakumbepo, ngakhale mthunzi ukukopeni. Masamba ndi mango akugwa zimaolera m'madzi, fungo lake simungakhalepo, ndipo mizu idzang'amba simenti. Mpando ndiwo upite pansi pa mangowo, dziwe likhale mamita 4 kapena 5 kuchoka pa tsinde, pamalo poti mukakhala pakhonde muziliona lonse. Kumwera mubzaleko mpanda wa mitengo yaifupi kuti mwera wa mu Juni ndi Julayi usamakokolere zinyalala m'madzi. Poti panu ndi pamchenga, mmisiri atsendere pansi bwinobwino ndi kuyala waya asanathire konkire.

Za zidzukulu ndinene mosabisa mawu. Mwana woyamba kumene kuyenda amamira ngakhale m'madzi olekeza m'kakolo, ndipo salira, simumva kanthu. Owotcherera zitsulo akupangireni sefa yolimba yoti munthu wamkulu nkupondapo, igone masentimita ochepa pansi pa madzi. Apo ayi, mpanda wokhala ndi chitseko chokhoma. Chimodzi mwa ziwirizi chikhalepo tsiku lomwelo lothira madzi.

Zobzala tsopano. M'madzimo ikani kakombo mmodzi kapena awiri m'miphika, masamba ake amaphimba madzi nkuchepetsa ndere. Gumbwa amakongola pakona, naye akhale mu mphika chifukwa amayanga msanga. Namasupuni ayi, ngakhale maluwa ake akhale okongola chotani. Ndi yemwe uja wasautsa mu Shire. Ndipo chomera chilichonse chochokera m'dambo kapena m'mbali mwa nyanja muchitsuke, muyang'ane kunsi kwa tsamba lililonse, chifukwa nkhono zofalitsa likodzo zimabwera zitamatirira pomwepo. Kunja kwa dziwe thirani manyowa ambiri mumchengamo, mubzale zopirira dzuwa monga khonje ndi tiyi wa mandimu, njira yake muyale miyala yaphanthiphanthi.

Achule adzabwera okha mvula yoyamba ikagwa, ndipo kumene kuli achule njoka sizisowa, choncho udzu wozungulira muzitchetcha mwafupi.