Funsani Dokotala: Amadziwa bwanji kuti fuluwenza yafika?

Adokotala, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester, chino ndi chaka chachitatu. Ukangokwana mwezi wa Okutobala abwana amayamba kutilondalonda kuti tikabayitse katemera wa fuluwenza, kenako timamva pa wailesi kuti fuluwenza yakwera, chaka chino yabwera msanga. Amadziwa bwanji? Kodi amawerenga aliyense woyetsemula? Ine chaka chatha ndinabayitsa koma chimfine chinandigwirabe. Si malonda chabe amenewa?
Mayi wa ku Leicester

Mayi, tiyambe ndi chimfine chinakugwiranicho. Kwathu mawu oti chimfine amasenza katundu wambiri. Mphuno ikangochucha timati chimfine, munthu akagona masiku asanu osadzuka timatinso chimfine, chonsecho ndi matenda osiyana. Chimfine wamba chimabwera mwakachetechete, munthu n'kumapitabe ku ntchito ndi kampango m'thumba. Fuluwenza imagwetsa. M'mawa muli bwinobwino, pofika madzulo thupi lili moto, mutu ukuwawa, thupi lonse laphwanya, chifuwa chouma chili kho kho. Katemera munabayitsayo ndi wa fuluwenza yokha. Tizilombo tina toyambitsa chimfine, tomwe tilipo tambirimbiri, iye alibe nato ntchito.

Tsono za kuwerengazo. Ayi, sawerenga aliyense. Mukafuna kudziwa ngati mchere wakolera m'ndiwo simudya mphika wonse, mumangotapa pang'ono n'kulawa. Ku England kuli zipatala zosankhidwa za ma GP, madokotala a m'dera amene wodwala amayamba kuonana nawo, zomwazikana m'dziko lonse, zimene sabata iliyonse zimapereka chiwerengero cha odwala obwera ndi zizindikiro zonga za fuluwenza. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la madokotalawa lotchedwa Royal College of General Practitioners, ndipo inayamba kale, m'ma 1960. Ena mwa odwalawo amawapisa kathonje m'mphuno ndi kukhosi, kathonjeko n'kupita ku labotale kukaona ngati mulidi kachilombo ka fuluwenza, ndiponso ka mtundu wanji. Bungwe la boma loteteza anthu ku matenda, la UKHSA, limaphatikiza zimenezi ndi chiwerengero cha ogonekedwa m'zipatala, n'kutulutsa lipoti sabata iliyonse. Inunso muli momwemo osadziwa. Okalamba angapo akayamba kutsokomola ndi kutentha thupi nthawi imodzi pamalo panu, abwana anu amayenera kudziwitsa azaumoyo, ndipo nkhani imeneyo imakawerengedwa nawo.

Kachilombo sikaima pa chipata kuti kaonetse pasipoti, choncho dziko limodzi palokha silingaone zonse. Chigawo cha ku Ulaya cha WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, chili ndi maiko 53, ndipo malipoti a maikowa amakakumana ku ofesi ya WHO ku Copenhagen ndi ku ECDC, bungwe lolondola matenda ku Ulaya, ku Stockholm. Nyengo ya fuluwenza amaiwerenga kuyambira sabata ya 40 ya chaka, kumayambiriro kwa Okutobala, mpaka sabata ya 20, chapakati pa Meyi. Mwa mathonje 100 aliwonse ochokera m'zipatala zosankhidwa zija, opezeka ndi fuluwenza akafika 10 amati fuluwenza yayambadi kufalikira. Mukamva pa wailesi kuti yabwera msanga, ndiye kuti malire amenewo awadumpha nthawi yake isanakwane. Zipatala zikamva zimenezo zimakonza mabedi, madokotala nawo amayamba kupereka mankhwala a fuluwenza kwa odwala ofooka mosazengereza.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kumene mathonje ena amakathera. Tizilombo tina timatumizidwa ku Francis Crick Institute ku London, limodzi mwa malo akuluakulu ochepa ofufuza fuluwenza mogwirizana ndi WHO, monga a ku Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Mgwirizano wa malabotalewu unayamba mu 1952. Kumeneko amafufuza mmene kachilomboko kasinthira, pakuti fuluwenza imasintha malaya chaka ndi chaka, chitetezo cha m'thupi n'kulephera kuizindikira. Mu Febuluwale akatswiri amakhala pansi n'kusankha mitundu yolowa mu katemera wa chisanu chikubwera. Amasankha msanga chonchi chifukwa katemera wambiri amapangidwabe m'mazira a nkhuku, ndipo ntchitoyo imadya miyezi pafupifupi 6. Nthawi zina kachilombo kamasinthanso pakati pa miyezi imeneyo, katemera n'kuchepa mphamvu chaka chimenecho. Sindikunamizani kuti amatchinga kotheratu. Koma wobayitsa akadwala, kawirikawiri safika pa chibayo kapena pogonekedwa.

Kafukufuku yemweyu ndi amene anaona kuti mtundu wina wa fuluwenza B, wotchedwa Yamagata, sunapezekenso chiyambire Malichi 2020, nthawi ya COVID-19 ija anthu atabindikira m'nyumba, ndipo tsopano anauchotsa mu katemera.

Za malonda, opanga katemera amapezapo phindu, palibe angatsutse. Koma WHO imati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo okalamba ndiwo amavutika kwambiri. Agogo amene mumawasambitsa ndi kuwamwetsa phala m'mawa aja, fuluwenza yomwe inu ingakugonekeni sabata imodzi iwo ikhoza kuwatenga, ndipo munthu amayamba kupatsira ena tsiku limodzi asanadzimve kudwala. Kabayitseni mu Okutobala momwemo, chifukwa katemera amatenga masabata awiri kuti agwire.

Adokotala, ndinali kumudzi ku Salima pa Khirisimasi. Patha masiku 10 chibwerereni kuno ku Manchester, ndipo kuyambira dzulo thupi latentha, ndikunjenjemera, mutu ukuwawa. Kuntchito anthu ambiri ali ndi fuluwenza. Ndingomwa Panadol ndidikire?
Bambo wa ku Manchester

Ayi bambo, musadikire. Pitani lero lomwe, kapena imbani 111, nambala ya foni ya azachipatala, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti mwangochokera ku Malawi. Mu Januwale ku England dokotala aliyense akaona munthu wotentha thupi maganizo ake amathamangira ku fuluwenza, popeza ndi imene yadzaza m'chipinda chodikirira. Koma inu munagona m'mbali mwa nyanja nthawi ya dzinja, udzudzu uli pachimake. Malungo ndi fuluwenza poyamba zimafanana ngati mapasa, ndipo chosiyanitsa ndi kuyeza magazi basi. Musadalire zoti munakulira komweko. Chitetezo cha malungo chimazirala munthu akakhalitsa kunja, ndipo malungo a kwathu akhoza kufika poipa m'masiku ochepa. Akayeza koyamba osawapeza koma thupi likutenthabe, pemphani kuti abwerezenso.

Ikapezeka kuti ndi fuluwenza, pumani, imwani madzi ambiri, musapite kukagawira anzanu kuntchito. Amoxicillin wotsala m'chikwama musamugwire, sapha kachilombo ka fuluwenza. Ngati muli ndi shuga, mphumu, matenda a mtima kapena HIV, nenani, chifukwa alipo mankhwala otchedwa oseltamivir amene amathandiza kwambiri akayambidwa maola 48 asanathe.

Adokotala, mchemwali wanga ku Glasgow amabayitsa mu Okutobala. Nanga ine wa kuno ku Joni ndizibayitsanso nthawi yomweyo?
Mayi wa ku Johannesburg

Ayi mayi, kalendala yanu ndi yotembenuza. Fuluwenza imatsata chisanu, ndipo ku South Africa imakula kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Amene amailondola kumeneko ndi a NICD, bungwe loona za matenda opatsirana, omwe ali mu Johannesburg momwemo. Katemera wa maiko akumwera amasankhidwa mu Seputembala, n'kufika m'mafamase cha mu Malichi kapena Epulo. Mukamuona wafika, kabayitseni, makamaka ngati muli oyembekezera.