Kodi mkazi angakhale bwana wa mgodi? Yankho kwa mtsikana amene wandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana amene ali m'chaka chomaliza ku MUBAS, komwe akuphunzira uinjiniya wa migodi. Mwachidule akuti: "Amalume anga akunena kuti ndataya zaka zanga chifukwa kumgodi n'kwa amuna. Kumene ndinakaphunzira ntchito anandisunga mu ofesi miyezi yonse, anzanga aamuna akupita kokumba. Kodi mkazi angafikedi pokhala bwana wa mgodi, kapena ndiyambiretu kufuna ntchito ina?"

Achemwali, amalume anuwo musawakwiyire. Akunena zimene anaona. Agogo athu ankakwera ndege za Wenela, kenako Theba, kupita ku Joni, ndipo pobwera ndi njinga ndi mabulangete palibe anasimbapo zoti anakumana ndi mkazi pansi pa mgodi. Chimene amalumewo sanauzidwe n'chakuti akaziwo anatsekeredwa kunja ndi lamulo. Britain inaletsa akazi kulowa pansi mu 1842. South Africa inachita chimodzimodzi mu 1911, ndipo mu 1935 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano loletsa zomwezo m'maiko ambiri. Ku South Africa chitseko chinatseguka mu 1996. Alipo anthu amene anayamba ntchito chiletso chidakalipo ndipo mpaka lero sanapume.

Vuto la chiletso chimenechi limaoneka bwino mukaona mmene munthu amakwerera pa mgodi. Ku South Africa umayamba ndi chitupa chokuloleza kuphulitsa miyala. Ukatero umakhala kapitawo wa shifiti, kenako woyang'anira chigawo chonse, ndipo pamapeto pake umalemba mayeso a boma kuti upeze satifiketi ya manejala wa mgodi. Pa sitepe iliyonse amawerenga mashifiti amene wagwira kokumbako. Digiri yokha siyikulumphitsa. Ndiye munthu amene sankaloledwa ngakhale kukwera chikepe cholowera pansi akanaupeza bwanji ubwana?

N'chifukwa chake mawu amene andidetsa nkhawa m'kalata yanu si a amalume ayi, koma a ofesi aja. Boma la South Africa litalamula mu 2004 kuti pofika 2009 akazi akhale 10 pa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito m'migodi, njira yachidule kwa makampani inali kulemba akazi n'kuwakhazika kowerengera malipiro, kolembera anthu ntchito ndi kokambirana ndi mafumu. Ntchito zimenezi n'zofunika, sindikuzinyoza. Koma tsiku losankha manejala amafunsa kuti ndani wayendetsapo makina ndi anthu, ndani waimikapo ntchito denga litayamba kuthothoka. Amene anakusungani mu ofesi mwina anachita mokukomerani mtima, poganiza kuti akukutetezani ku fumbi. Koma miyezi imeneyo anzanu aja analembetsa mashifiti, inu mulibe ngakhale imodzi.

Taonani njira imene anadzera akazi amene anafika pamwamba. Mpumi Zikalala anaphunzira uinjiniya, n'kuyambira m'fakitale yoyeretsera miyala ya dayamondi ku kampani ya De Beers ku South Africa. Mu 2007 anakhala mkazi woyamba kuyendetsa mgodi wa kampaniyo, ku Kimberley, ndipo mu 2022 anakhala mkulu wa Kumba Iron Ore, kampani yokumba miyala ya chitsulo. Natascha Viljoen ndi katswiri wosungunula ndi kuyenga miyala. Anagwira zaka zambiri m'mafakitale a pamigodi, ku kampani ya Lonmin ndi kwina, asanapatsidwe utsogoleri wa kampani ya Anglo American Platinum mu 2020. Mu 2023 anatengedwa ndi Newmont, kampani yaikulu kwambiri ya golide. Onsewa anadzera kumene ndalama za kampani zimapangidwira, mu phokoso ndi fumbi.

Amene ndimakonda kumusimba ndi Cynthia Carroll, katswiri wa miyala wa ku America, yemwe mu 2007 anakhala mkazi woyamba kutsogolera kampani yaikulu ya migodi ya Anglo American. Atangoyamba kumene ntchito anakaona migodi ya platinum ya ku Rustenburg ku South Africa, kumene anthu ankafa pafupipafupi ndipo akuluakulu anali atazolowera kunena kuti mgodi wakuya ndi mmene umakhalira. Iye analamula kuti migodiyo iyambe yatsekedwa, antchito zikwi zambiri atuluke akaphunzitsidwenso za chitetezo. Kampani inataya ndalama, mabwana ena anachoka. Amene amati mkazi alibe chiwindi cha pamgodi ndimawafunsa kuti pa zaka 90 zimene amuna anayendetsa kampaniyo, ndi angati anachitapo zimenezo.

Sindikunamizani kuti njirayo ndi yosalala. Zina zimaoneka zazing'ono: ovolosi yosokedwera thupi la mwamuna, imene mkazi amayenera kuivula yonse akafuna kudzithandiza, jombo zazikulu zimene zimapunthwitsa, chimbudzi chopanda loko. Zina n'zoopsa. Mu 2012 mayi wina anagwiriridwa n'kuphedwa pansi pa mgodi ku Rustenburg komweko. Mu 2022 kampani ya migodi ya Rio Tinto inatulutsa lipoti lofufuza antchito ake omwe, ndipo akazi 21 ananena kuti m'zaka zisanu anagwiriridwa kapena wina anayesa kuwagwirira ali pantchito. Kwathu kuno onjezani chikhulupiriro cha m'makumbi a miyala yamtengo wapatali ndi golide, choti mkazi akayandikira dzenje, makamaka ali kumwezi, miyala imathawa. Chodabwitsa, mkazi yemweyo akamatunga madzi otsukira mchenga kapena kusenza matumba, miyalayo sithawa. Imathawa akafuna kukhala mwini dzenje.

Nkhani ya mimba ikonzekereni msanga. Mukakhala woyembekezera adzakuchotsani kumalo oopsa, ndipo n'koyenera, makamaka pa mgodi wa uranium. Chofunika n'kugwirizana polemba kuti mukabwerako mudzabwerera pa ntchito yanu yomwe, chifukwa ambiri amene "amasungidwa kaye" mu ofesi amakalambira momwemo.

Tsono mwayi wanu ndi uwu: migodi yathu ikadali yanthete. Kayelekera ku Karonga inatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ndipo yayambiranso mu 2025. Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe, Songwe ku Phalombe ndi Kanyika ku Mzimba ndi ntchito zongoyamba kumene kapena zokonzedwa. Mulibe mzere wa amuna a zaka makumi atatu oyembekezera mpando ngati ku Joni. Makapitawo oyamba achimalawi akusankhidwa panopa. Tinakhalapo ndi nduna ya migodi yachizimayi, Monica Chang'anamuno, kuyambira mu 2023, koma unduna amachita kukupatsa. Umanejala amawerenga mashifiti.

Choncho mukaitanidwa ku intaviyu, funsani zinthu zitatu popanda manyazi: mudzagwira mashifiti angati kokumba kapena m'fakitale chaka choyamba, ndani adzasainire buku lanu la mashifitiwo, ndiponso wina akakuvutitsani mudzakadandaula kwa yani ngati wokuvutitsaniyo ndi kapitawo wanu. Akayamba ndi mawu oti "inu mayi musavutike, tikupezerani desiki," thokozani mwaulemu, kenako pemphani chipewa ndi jombo za saizi yanu. Mundilemberenso mundiuze zimene adzakuyankheni pa funso lachitatulo.