Mafunso Anu: Mwambo wokumbukira asilikali amene anatisiya

Ndine mlembi wa gulu la asilikali opuma m'dera lathu. Chaka chino tikufuna kukonza tokha mwambo wokumbukira anzathu amene anatisiya komanso amene anafera kunkhondo. Tiyambire pati, nanga n'chifukwa chiyani aliyense amaumirira pa 11 koloko?

A mlembi, ola limenelo lili ndi mbiri yake. Mfuti za Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa, pangano litasainidwa m'nkhalango ya Compiègne ku France. Mu 1919 Mfumu George V ya ku Britain inapempha anthu kuti pa ola lomwelo aziima chete kwa mphindi ziwiri. Mayiko ambiri a Commonwealth amachitabe zimenezi pa tsikulo kapena Lamlungu lachiwiri la Novembala.

Choncho ndondomeko yanu iyambire pa 11 koloko, muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Lipenga la Last Post, nyimbo yotsanzikira asilikali omwalira, liyambe cha m'ma 10:58 kuti lithe 11 isanakwane. Lipengalo lisanalire pamakhala kuwerenga mayina. Dzina limodzi, likatchulidwa mosathamanga ndi kupumira pang'ono, limadya masekondi 6, ndiye mayina 40 afuna mphindi 4. Wowerenga ayambe 10:53. Pemphero lotsegulira likhale 10:45, anthu atakhala kale m'malo. Mphindi ziwiri zachete zikatha, lipenga lodzutsa lilire, kenako nkhata za maluwa ziikidwe. Zoyankhula zonse zibwere pambuyo.

Chimene chimaononga mwambowu kawirikawiri ndi kudikira mlendo wolemekezeka, kapena kumupatsa mwayi woyankhula 11 isanakwane. Musatero. Akachedwa, akupezeni muli chete. Sankhani munthu mmodzi yekha wogwira wotchi, aime pamalo pamene woliza lipenga akumuona, ndipo chizindikiro chake chikhale kugwedeza mutu basi. Mphindi ziwiri zimatalika modabwitsa anthu akakhala duu, moti popanda wotchi wina amadula pa mphindi imodzi poganiza kuti zakwana. Mafoni azimitsidwe, zokuzira mawu nazonso, chifukwa kulira kwa sipika kumamveka kwambiri pamene aliyense watseka pakamwa.

Koma ntchito yaikulu ili pa mayina. Mayi wamasiye amene wabwera kudzamva dzina la mwamuna wake, n'kulimva litapotozedwa kapena litadumphidwa, sabweranso chaka chamawa. Kutatsala milungu itatu, yenderani banja lililonse, mutsimikizire dzina lonse, katchulidwe kake, udindo, nambala ya usilikali ndi chaka chimene anamwalira. Za amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zija, fufuzani m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali lomwe linakhazikitsidwa mu 1917; kaundulayo ali pa intaneti. Ife timakonda kuti mayina atsatane mwa alifabeti osati mwa maudindo. Bungwe lomwelo limaika miyala yofanana pa manda a mkulu wa asilikali ndi a msilikali wamba, ndipo mkangano woti wamkulu ndani sukhalapo. Lembani zilembo zikuluzikulu, mapepala akhale awiri, ndipo wowerenga ayeserere mokweza kawiri.

Musaiwale mipando ndi madzi. Achikulire ena amakana kukhala pansi, amaima njo mawondo atawaumitsa, magazi n'kuchepa kumutu, munthu n'kugwa. Auzeni azigwedeza zala za kumapazi m'nsapato, ndipo wachinyamata aime kumbuyo kwawo.

Kodi mbendera timangoikweza kufika pakati pa mtengo n'kuimanga?

Ayi. Ikwezeni kaye mpaka pamwamba penipeni, iime kamphindi, kenako muitsitse pang'onopang'ono. Pochotsa chimodzimodzi: ibwerere pamwamba, ndiye itsike. Mayiko amasiyana pa malo oimikira, ena pakati penipeni, pamene ku Britain amaitsitsa gawo limodzi la magawo atatu a mtengo, choncho tsatirani lamulo la dziko lanu. Yesani chingwe dzulo lake, chifukwa chikapotana pa kagudumu ka pamwamba mbendera imakakamira anthu akuyang'ana. Pamaliro, mbendera yophimba bokosi silowa m'manda. Imachotsedwa bokosi lisanatsitsidwe, isakhudze pansi, n'kupindidwa.

Bambo anga anali msilikali ndipo anandisiyira mamendulo awo. Ndingawavale pa mwambowu?

Valani, koma kudzanja lamanja la chifuwa. M'mayiko ambiri a Commonwealth kumanzere ndi kwa mwiniwake amene anawalandira, ndipo asilikali akale akakuonani nawo kumanja amadziwa nthawi yomweyo kuti mukuimira malemu. Musasinthe dongosolo limene bambo anu anawasanjira, ndipo musawakweche ndi mankhwala owalitsa zitsulo, chifukwa zilembo za dzina lawo zimatha kufufutika. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira.

Tilibe woliza lipenga. Titani?

Pemphani wa bandi ya sukulu kapena ya mpingo mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, kuti aphunzire kaimbidwe kake. Akasowa, lizani lojambula, koma likhale losungidwa kale m'foni osati lodalira intaneti, foniyo itachotsedwa pa netiweki kuti wina asaimbe pakati pa mwambo.