Disiki "ikufa" ndi disiki "yafa": mafunso a okonza makompyuta

Wowerenga wina amene amakonza makompyuta wafunsa kuti: "Ndikamachita cloning ya hard drive (disiki yosunga zinthu mu kompyuta) yomwe yayamba kuvuta, kasitomala ndimuuze kuti ndikusamutsa kapena ndikukopera?"

Kusamutsa ayi, achimwene. Munthu akasamuka, kumene anali kumatsala bwinja, pomwe pantchito iyi disiki yakale imatsala ndi zonse zimene inali nazo. Mawu oyenera ndi kukopera, ngakhale paokha amaperewera, chifukwa kasitomala aganiza za zithunzi ndi makalata ake basi. Muuzeni kuti "ndikukopera disiki yonse monga ilili": Windows, mapulogalamu, magawo onse, ngakhale kagawo kobisika kamene kamadzutsa kompyuta.

Mukamalangiza wophunzira ntchito, musanene kuti "kopera madisikiwa". Nenani mokwanira: "kuchokera pa yakale kupita pa yatsopano". Ndikuumirira pamenepa chifukwa pulogalamu ya ddrescue, yokopera madisiki ovuta, nayo imatsata dongosolo lomweli: dzina loyamba ndi kochokera, lachiwiri ndi kopita. Mukazitembenuza, disiki yopanda kanthu ija imafufuta zonse za kasitomala. Musanayambe, lembani lamulo la Linux lakuti lsblk muone kukula kwa disiki iliyonse.

Wina wafunsa ngati timati "disiki yakale" kapena "disiki wakale". Ndi yakale, monga timanenera mbale yakale. Akachuluka ndi madisiki akale.

Funso lachitatu ndi la mayi wina: "Wokonza wandiuza kuti disiki yanga ikufa. Kodi ndiye kuti yafa?"

Ayi mayi. Kachigawo ka -ku- mu "ikufa" kakusonyeza kuti zinthu zili mkati mochitika, pomwe -a- mu "yafa" akuti zatha kale. Disiki imene ikufa imaonekabe mu BIOS (pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikayatsidwa), koma kompyuta imachedwa, imaima yokha, mafayilo ena amakana kutseguka, ndipo pulogalamu yoyeza thanzi la disiki ya CrystalDiskInfo imalemba chenjezo la Caution chifukwa tizigawo tina tasiya kuwerengeka. Yoteroyo ikhoza kukopedwa. Imene yafa sizungulira n'komwe, kapena imangolira kho! kho! kho! mutu wowerengera ukumenya malo amodzi. Imeneyo izimitseni pomwepo, chifukwa kuiyatsa mobwerezabwereza kumakanda mbale zamkati. Ofunika kuitsegula ndi akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi.

Tsono mawu akuti "ikufa" akukuuzani kuti fulumirani. Lekani kuigwiritsa ntchito, ndipo musalole kuti wina ayendetsepo chkdsk (pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza zolakwika pa disiki) kapena defrag (yosanja mafayilo pa disiki) musanakopere, popeza zimenezi zimaitopetsa polemba ndi kuwerenga paliponse. Yatsopano ikhale yofanana kukula kapena yoposa; ya 500 GB ndi bwino kuikopera pa ya 1 TB, chifukwa madisiki awiri olembedwa 500 GB nthawi zina amasiyana pang'ono. Yakaleyo ilumikizeni ndi chingwe cha SATA, cholumikizira madisiki mkati mwa kompyuta, ngati n'kotheka, chifukwa kudzera pa USB disiki yodwala imakonda kusowa ikafika pamalo ovuta. Ya mainchesi 3.5 imafunanso magetsi ake a 12V.

Dzutsani kompyuta ndi fulashi yokhala ndi SystemRescue, mtundu wa Linux umene uli ndi ddrescue ndi lsblk. Ulendo woyamba yendetsani ddrescue ndi -f ndi -n, kuti itole msanga zimene zikutheka kuwerengedwa ndi kudumpha malo oipa. Ulendo wachiwiri ikani -r3 m'malo mwa -n, ibwerere pamalo aja katatu. Maulendo onse awiri tchulani mapfile imodzimodzi (fayilo imene ddrescue imalembamo pomwe yafika), yosungidwa pa fulashi ina. Motero magetsi akathima, mukaiyendetsanso imayambira pomwe inalekera.

Ikatha, chotsani disiki yakale musanayatse kompyuta, chifukwa madisiki awiriwa tsopano ali ndi chizindikiro chimodzi ndipo Windows imasokonezeka. Apa m'pamene muyendetse chkdsk, pa yatsopanoyo, kenaka mutsegule mafayilo ofunika kwambiri muone ngati ali bwino.