Kodi ufa wochokera ku thonje ungagwire ntchito ya impso?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Mlongo wake, yemwe impso zake zinasiya kugwira ntchito, amakatsukidwa magazi pa makina a dialysis, ndipo mayiyu wawerenga kuti akatswiri akupanga ufa wochokera ku thonje ndi mitengo womwe umakola zoipa za m'magazi. Akufunsa ngati ufawu ungalowe m'malo mwa makinawo.

Mayi, pakadali pano sungatero, ndipo alongo anu asajombe kuchipatala chifukwa cha nkhani imeneyi. Komabe zomwe mwawerengazo si nthano.

Ufawu umachokera ku selulozi, chinthu chomwe chimalimbitsa zomera, ndipo pafupifupi magawo 90 mwa 100 a ulusi wa thonje ndi selulozi yemweyu. Ubale wake ndi odwala impso ndi wakale, pakuti pamene dokotala Willem Kolff ankapanga makina ake otsuka magazi ku Kampen, m'dziko la Netherlands, mu 1943, ankadutsitsa magazi m'chikutiro cha soseji cha cellophane, chomwe chimapangidwa kuchokera ku selulozi. Kumeneko kunali kusefa. Zomwe zikufufuzidwa lero ndi kukola, kutanthauza kuti zoipazo zimamatire pankhope ya chinthu monga mbalame pa ulimbo.

Kuti ulimbowo ukole zambiri, nkhope yake iyenera kukula, ndiye chifukwa chake selulozi amaphwanyidwa kukhala timaulusi tochepetsetsa. Akira Isogai ndi anzake a ku University of Tokyo, pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa TEMPO, anakwanitsa kulekanitsa timaulusi ta nanomita 3 kapena 4 m'makulidwe, pamene nanomita imodzi ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa m'magawo 1,000,000. Koma selulozi wosasinthidwa sakola kwenikweni. Phindu lake ndi lakuti pankhope pake pali malo ochuluka omwe katswiri angalumikizepo timagulu ta mankhwala tosankhidwa molingana ndi choipa chomwe akufuna kugwira: timagulu tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya negativu timakoka zinthu za pozitivu, ndipo ta pozitivu timakoka zinthu monga indoxyl sulfate, poizoni yemwe chiyambi chake ndi tizilombo ta m'matumbo.

Chovuta koposa ndi urea, yemweyu amene alimi amamudziwa ngati feteleza wobereketsa. Chiwindi chimamupanga kuchokera ku mapuloteni omwe timadya, magalamu pafupifupi 20 mpaka 30 tsiku lililonse mwa munthu wamkulu. Ndi wamng'ono, alibe negativu kapena pozitivu, ndipo amakondana ndi madzi kwambiri moti safuna kusiyana nawo. Makala apadera a m'zosefera amakola zoipa zina za m'magazi, monga creatinine ndi uric acid, bwino ndithu, koma urea wambiri amangowadutsa. Apa ndi pomwe selulozi wosinthidwa ali ndi mwayi. Akamuthira mankhwala otchedwa sodium periodate, mkombero wa shuga womwe umapanga seluloziyo umaduka malo amodzi n'kusiya timagulu tiwiri ta mankhwala totchedwa aldehyde, tomwe timatha kumangana ndi mbali ya nayitrojeni ya urea. Tsoka lake ndi lakuti kumanganako kumachitika pang'onopang'ono, komanso aldehyde sasankha: amagwiranso mapuloteni ndi ma amino acid omwe wodwala amawasowa kale. N'chimodzimodzi ndi timagulu ta negativu tija, tomwe timakolanso kashiyamu. Kukola poizoni m'botolo la madzi mu labotale n'kwapafupi, koma m'magazi muli zambiri zolimbirana malo omwewo, ndipo indoxyl sulfate woposa magawo 90 mwa 100 amakhala atakakamira ku puloteni ya albumin.

M'maganizo anga, kumene timaulusiti tingathandize msanga si m'magazi, koma m'madzi otsukira. Makina a dialysis amayendetsa pafupifupi theka la lita pa mphindi, choncho maola 4 amadya malita 120 a madzi oyeretsedwa, osawerengera omwe amatayika powayeretsa. Amene amadziwa momwe mipopi imaumira m'matauni athu aona kukula kwa nkhaniyi, makamaka poti m'Malawi chithandizochi chimapezeka m'malo ochepa, monga ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth Central. Madziwo akamadutsa m'chokolera n'kubwereranso, ochepa chabe angakwane ndipo makina angachepe msinkhu. Izi zinachitikapo: makina a REDY, omwe anatuluka mu 1973, ankagwira ntchito ndi malita 6 okha, koma ankachita kuphwanya urea ndi enzayimu (puloteni yophwanya zinthu) ya urease, zomwe zimatulutsa amoniya wofunikanso kumukola ndi mankhwala ena otchedwa zirconium phosphate. Chokolera chogwira urea mwachindunji chikanachotsa njira yozungulirayi.

Nanga wakumwa? Ganizoli ndi lakale. Dokotala Carmelo Giordano wa ku Naples anayesa kupatsa odwala sitachi yosinthidwa mwa njira ya aldehyde yomweyi zaka zoposa 50 zapitazo, koma sinakhale chithandizo chofala. Ku Japan, makala akumwa a AST-120 anavomerezedwa mu 1991, koma kafukufuku wamkulu wa EPPIC, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, sanasonyeze kuti amachedwetsa kufooka kwa impso. Ndipo chokolera chilichonse, ngakhale chabwino motani, sichichotsa madzi odzadza m'thupi, omwe amatupitsa miyendo ndi kubanikitsa, pomwe makina amawachotsa nthawi iliyonse alongo anu akalumikizidwa.

Choncho, Mayi, wina akakutsatsani ufa wa "nano" wotsuka impso, musagule, ndipo chilichonse chomwe alongo anu akufuna kumwa chiyambe chaonedwa ndi dokotala kapena namwino wa ku dialysis, chifukwa ufa wa zomera wosadziwika ukhoza kukhala ndi potaziyamu wambiri, yemwe kwa munthu wopanda impso zogwira ntchito angathe kuimitsa mtima.