Kwa mayi a ku Chinamwali amene mwana wawo akupita ku Delhi

Mayi, mwati mnyamata wanu wapeza malo a sukulu ku Delhi, m'dziko la India, anyamuka mu Ogasiti, ndipo mwamugulira neti ndi LA. Mukufunsa ngati zakwana. Neti anyamule ndithu, koma sizinakwane, chifukwa udzudzu umene ukamusautse kumeneko si umene tinauzolowera kuno.

Ife a ku Zomba tikamva za udzudzu timaganiza za malungo, za usiku, ndi zithaphwi za m'mbali mwa Likangala kapena ku Chilwa. Ku Delhi nkhani yaikulu ndi matenda a dengue, ndipo imakula mvula ikamapita kumapeto, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, ndiye kuti iye atangofika kumene. Amafalitsa ndi udzudzu wa Aedes, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo. Umenewu umaluma masana, makamaka m'mawa dzuwa litatuluka ndi chakumadzulo lisanalowe, ndipo umakonda akakolo. Neti idzakhala ili pabedi, mwiniwake akulumidwa pansi pa desiki m'kalasi. Matendawa si ochezera: mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 ku Bangladesh kokha.

Choncho choyamba ndi mafuta odzola othamangitsa udzudzu. Aziwerenga pabotolo: pakhale DEET wa 20 mpaka 30 peresenti, kapena picaridin wa 20 peresenti. Kumeneko m'mashopu ambiri akapeza Odomos. Azidzola m'mawa asanatuluke, m'manja, m'khosi ndi m'mapazi, osati m'maso, pakamwa kapena pachilonda, n'kudzolanso masana chifukwa thukuta limachotsa. Ambiri amalakwitsa podzola kamodzi pogona, ngati akuthawa udzudzu wa malungo. Thalauzi, sokosi ndi malaya a manja aatali zimathandizanso, bola zisakhale zothina, poti udzudzu umaboola nsalu yomamatira pathupi.

Chachiwiri ndi madzi a m'nyumba. Aedes suswana kudambo ayi, umaswana m'madzi oyera a m'ndowa ya kubafa, m'kambale ka pansi pa mphika wa maluwa, m'tayala lakale, ngakhale m'chivundikiro cha botolo. Ku Delhi zipinda zambiri zimakhala ndi makina oziziritsa mpweya okhala ndi thanki ya madzi, ndipo mmenemo ndiye m'chimake. Kuchokera pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga masiku 7 mpaka 10, n'chifukwa chake kutaya madzi kuzichitika sabata iliyonse, tsiku lodziwika. Kungokhuthula sikukwanira. Mazira amamatira m'mbali mwa chiwiya ndipo amapirira miyezi ali ouma, madzi akangobwerera amaswa. Azikwecha ndi bulashi.

Apa ndiye ndikupempheni mumuuze mobwerezabwereza. Akadzamva kutentha thupi, mutu, kupweteka kumbuyo kwa maso ndi kuphwanya m'mafupa, asathamangire LA uja, ndipo asamwe asipirini, bulufeni kapena diclofenac. Dengue imachepetsa tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti aziundana, ndiye mankhwala amenewa amawonjezera ngozi yotaya magazi m'kati. Asamale ndi Combiflam, yomwe anzake angamupatse mwachifundo: muli bulufeni. Wololedwa ndi panado yekha. Wa 500mg, awiri pa maola 6 alionse, osapitirira 8 pa tsiku. Kumeneko wofala ndi Dolo 650, wamphamvu kuposa wathu, choncho ameneyo azimwa mmodzi. Azimwa madzi ambiri ndi ORS, ndipo apite kuchipatala msanga akayezetse zonse ziwiri, malungo ndi dengue. Kuyeza kwa dengue kotchedwa NS1 kumaonetsa bwino m'masiku oyambirira.

Chinyengo cha dengue n'chakuti nthawi yoopsa imafika thupi likazizira, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Wodwala amaganiza kuti wachira. Maola 24 mpaka 48 otsatirawo asakhale yekha m'chipinda. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza, kamfuno, magazi m'nkhama, chimbudzi chakuda kapena kufooka modzidzimutsa, zimenezo n'zopita nazo kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Ndipo akadwala n'kuchira asadzione ngati wathana nayo. Dengue ili ndi mitundu 4, ndipo kudwala kachiwiri ndi mtundu wina n'kumene kumakhala koopsa kwambiri.

Malungo aliponso ku India, ndiye neti ija igwira ntchito yake usiku. Koma ambiri a ku Delhi ndi a mtundu wa vivax, umene umabisala m'chiwindi n'kudzabuka patapita miyezi. LA safika m'chiwindi. Pamafunika primaquine, kawirikawiri kwa masiku 14, ndipo asanamwe ayezedwe magazi kuona G6PD (chinthu chimene chimateteza magazi kuti asasweke), chifukwa anthu ena a kuno ku Africa mankhwalawa amawaswera magazi. Komanso akadwala m'masabata oyamba, auze dokotala kuti wachokera ku Malawi, poti akhoza kukhala atanyamula malungo a konkuno, omwe sachedwa kupha.

Tsiku lobwera kutchuthi mulikumbukirenso. Kachitetezo kamene thupi limapeza polumidwalumidwa kuno kamachepa munthu akakhalitsa kunja, ndiye akadzafika Disembala mvula ili pakati, malungo angamugwire mwamphamvu kuposa abale ake a m'nyumba momwemo. Adzaonane ndi dokotala asananyamuke. Akapatsidwa doxycycline wa 100mg, ayambe kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, azimwa tsiku lililonse atadya, ndipo apitirize masabata 4 atachoka kuno. Masabata omalizawo ndi amene anthu amasiyira panjira, n'kukadwalira kutali kumene madokotala saganizira msanga za malungo a ku Chinamwali.