Kwa achemwali aja a geni ya usipa amene akuuzidwa kuti afewe

Achemwali amene mwaposta mobisa dzina inu, positi yanu ndaiwerenga kawiri ndipo makomenti ena andiwawa mtima nde ndati ndilembe zanga olo zitalike, amene alibe bandulo andikhululukire. Mwati muli ndi zaka 27, mumapikula usipa ku Msaka nkukagulitsa ku Limbe, ndipo bwenzi lanu likuti ndinu olimba mutu ngati mamuna, mumalankhula mokweza, mulibe "feminine energy" ija ikutchuka pa TikTok, nde mukufunsa ngati musiye geni nkuphunzira kufewa kuti akumangeni banja.

Ine kwathu ndi ku Malindi, zaka 40 ndinadutsa kale, geni yanuyo ndinaichita mpaka msana unayamba kudandaula ndisanatsegule kagolosale pa boma pano. Nde ndikudziwa chimene chikukukokani ku mavidiyo amenewo. Ndi kutopa basi. Munthu wadzuka nkhuku zisanalire kukadikira mabwato pa doko, walimbana ndi alovi, anyamata opha nsomba m'mabwato aja, pa mtengo wa chigoba, wayanika pa thandala uku maso ali kumwamba kuopa mvula, wapakira m'matumba, wagona pamwamba pa katundu mu lole kudutsa Liwonde, Zomba mpaka Limbe, nde kenako ukutsegula foni ukuona mtsikana wavala zoyera akumwa tiyi pa khonde akuti ine sindivutika mamuna wanga amapanga zonse. Ndani sangasilire? Inenso ndimasilira, ndisaname. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo ambiri mwa atsikana amenewo vidiyo yomweyo ndi geni yawo, akudya ndalama pokuuzani inu kuti musamagwire ntchito kkkk.

Mawu okwezawo ndi chida cha ntchito yanu, ngati khasu kwa mlimi. Pa doko nzimayi wolankhulira pansi amagula nsomba zotsala, zofewa kale, pa mtengo wokwera. Ndipo tisabisane, tonse a m'mbali mwa nyanja tikudziwa zimene zimachitika usipa ukasowa, makamaka nthawi ya mwera pamene mabwato ochepa ndi amene amalowa. Nzimayi amene alibe mpamba m'manja amapatsidwa nsomba pa ngongole ndipo ngongoleyo imabwezedwa usiku, ndi thupi. Anzanga angapo amene tinkayanikira thandala limodzi tinawaika m'manda chifukwa cha njira imeneyo, ma ARV asanafike paliponse ngati lero. Amene ankatha kunena kuti ayi anali amene ali ndi ndalama yake yomanga pa chitenje. Nde munthu akamati siyani geni kuti mukhale mkazi weniweni, ine ndimaona nkhope za anzanga aja.

China chimene chimandiseketsa, nkhani yoti mkazi azingokhala phee kudikira kupatsidwa anthu akuitenga ngati ndi chikhalidwe chathu chakale. Chakale chiti? Kuno kwathu ndi kwa chikamwini, mamuna ndi amene amanyamuka kudzamanga kwa mkazi, munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ana ndi a mbumba ya kuchikazi. Agogo anga ankalima mpunga, kuumba miphika, kuweruza timilandu ta pa mudzi azibambo ali chete, madzulo nkudzola mafuta, kumanga duku bwinobwino kupita kukavina ku chinkhoswe. Palibe anawauzapo kuti ukazi wawo wachepa. Sindikunena kuti kale zonse zinali bho ayi, mwini mbumba anali amalume ndithu, ndipo ku msondo, chinamwali chathu cha atsikana, tinaphunzitsidwa zambiri zokondweretsa mamuna kuposa zodzisamalira tokha, anzathu ena anangotuluka ku simba nkulowa m'banja mabere asanamere bwino. Mpaka boma linachita kuika lamulo mu 2015 kuti ukwati uziyambira zaka 18, nkukonzanso malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti makolo asamapezerepo mpata, ndipo ku Dedza Inkosi Kachindamoto, nzimayi, anachita kuthetsa maukwati a ana mazanamazana nkuwabwezera ku sukulu. Akanakhala wofewa wa pa TikTok uja bwenzi ana amenewo ali kuti?

Kwa ife Asilamu chitsanzo chili pafupi zedi. Bi Khadija anali mayi wa bizinesi yaikulu, Mtumiki Muhammad (SAW) anayamba wagwira ntchito yoyendetsa malonda awo asanakwatirane, ndipo sitinamvepo kuti anauzidwa atseke malonda kuti akhale mkazi wabwino. Anzathu a ku tchalitchi nawo ali ndi mkazi wangwiro uja wa pa Miyambo 31, amene amagula munda ndi kuchita malonda. Nde amene akubisala kumbuyo kwa chipembedzo awerengenso bwino.

Ndikuuzeni zanga. Bambo a ana anga anapita ku Joni ngati mmene amapitira anyamata ambiri a kuno, ku Namwera, Makanjira, Katuli uko midzi ina mumangopeza azimayi ndi ana. Zaka ziwiri zoyamba ndalama inkabwera, anatumiza malata, njinga, mpaka firiji magetsi tilibe kkkk, ndipo anandiuza kuti ndisiye kupita ku doko chifukwa anthu aziti akulephera kundisamala. Ndinasiya. Ndinakhala mkazi wofewa uja, kudzola, kutchena, kudikira foni ilire. Chaka chachitatu foni inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenako zii, ndinadzamva kwa anthu obwera kuti ali ndi banja lina kumeneko. Mpamba ndinali nditadya, makasitomala anga a ku Limbe anali atapeza ena. Chimene chinandidzutsa ndi banki mkhonde ya azimayi a m'mudzi, anandikongoza kandalama kochepa koyambira zigoba zingapo, ndipo zinanditengera nthawi yaitali kuti ndifike pomwe ndinasiyira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno achemwali, wa pachala ndi wa mphepo.

Koma ndisakunamizeni kuti bwenzi lanulo palibe chimene likunena choona, ine sindikulidziwa. Pali kusiyana pakati pa munthu amene akuti siya geni ndi amene akuti mawu a pa doko azitsala pa doko. Chachiwirichi inenso chinandigwira. Mwana wanga wamkazi anandiuza tsiku lina kuti amayi mumatiyankhula ngati tikukuberani chenji, ndinakhala pansi nkulira chifukwa zinali zoona, ndinazolowera kumenyera chilichonse mpaka ndinaiwala kuti pakhomo palibe akundilanda kanthu. Kuphunzira kutsitsa mawu kwa anthu amene amakukonda, kulola wina akuthandize, kunena kuti lero ndatopa phikani ndinu, zimenezo ndi zabwino ndipo sizifuna kuti utaye mpamba. Ndinaona kuti ndinayamba kufatsa pamene ndinali ndi kangachepe kosunga ndi poloti ya dzina langa, mtima unakhala m'malo chifukwa mantha a mawa anachepa. Njala ndi ngongole ndi zimene zimaumitsa nzimayi nkhope, osati geni.

Ndipo zochita kuyeserera sizikhalitsa. Mutha kunyoneza mawu miyezi itatu, kumaseka nthabwala zosaseketsa, kunamizira kuti simudziwa kuwerengera ndalama kuti iye azioneka wanzeru, koma tsiku lina mwana adzadwala usiku iye kulibe ndipo mkazi wa pa doko uja adzatuluka, nde adzati mwasintha pomwe munali choncho kuyambira kale. Bola akuoneni lero mmene mulili asankhe yekha.

Mayi Joyce Banda amanena okha poyera kuti banja lawo loyamba linali la nkhanza ndipo anatulukamo ndi ana atatu, anayamba mabizinesi, mu 1990 anayambitsa bungwe la azimayi a bizinesi lija la NABW, mu 2012 nkukhala pulezidenti woyamba wamkazi m'dziko muno Bingu atamwalira. Za ndale zawo aliyense ali ndi maganizo ake, ine sindilowako, koma nthawi yonseyo anali mu chitenje ndi duku uku ena akuimba kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Tulutsaninso K200 m'kachikwama kanu muone nkhope ili pamenepo, ndi Rose Chibambo, anamangidwa ndi atsamunda mu 1959 chifukwa sankatseka pakamwa.

Nde mukakumana naye mufunseni bwinobwino, osakalipa, kuti chenicheni chimene chikumuvuta ndi chani. Ngati ndi maulendo a usiku pa lole, mutha kukambirana, mwina kupeza munthu wodalirika ku Limbe woti muzimutumizira katundu inu nkumalandira pa foni, ambiri akupanga choncho masiku ano. Ngati ndi kalankhulidwe, yesani kumva. Koma akati musiye zonse, mufunseni kuti mwezi ndi mwezi aziika zingati m'manja mwanu, nanga akadzachoka kapena kumwalira inu mudzagwira chani, muone mmene nkhope yake isinthire. Pini ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale yanu nokha, ku banki mkhonde musatuluke, mukagula poloti mapepala alembedwe dzina lanu pamaso pa amfumu ndi mboni. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana kwa achibale olanda katundu, koma kuyenda m'makhothi uli wamasiye ndi chintchito, bola kukonzeratu.

Amene mwakomenta kuti zaka 27 wachedwa agwire amene wapezekayo, inu mudzamulipirira lendi? Ine ndinakwatiwanso ndili ndi zaka 38, ndi bambo amene anandipeza ndikukangana ndi kondakitala pa depoti chifukwa cha thumba langa la usipa lomwe analinyowetsa, ndipo mpaka lero akafuna kundiseka amayamba ndi nkhani imeneyo.